Mikombero ya Rilke: kukula ndi kuyenda m'ndakatulo zake zoyambirira

Pa 20 Seputembala 1899, ku Schmargendorf, m'mphepete mwa mzinda wa Berlin, mnyamata wa zaka 23 analemba ndakatulo ya mizere 8 yoyamba ndi mawu akuti "Ich lebe mein Leben in wachsenden Ringen," kutanthauza kuti moyo wanga ndimaukhala m'mikombero yonka nikula. Patapita zaka pafupifupi zitatu, mnyamata yemweyo, Rainer Maria Rilke, anakaima kutsogolo kwa khola la zitsulo kumalo osungirako nyama a Jardin des Plantes ku Paris, n'kulemba za nyalugwe woyenda mozungulira mu mkombero umene iye anautcha wochepetsetsa kuposa yonse. M'ndakatulo zonse ziwiri muli chinthu chozungulira, ndipo m'zonse ziwiri muli china chimene chaima pakati osasuntha. Zimasiyana poti m'yoyamba liwu lakuti "ich," ine, likupezekamo maulendo 7, pomwe m'yachiwiri mulibe ngakhale kamodzi. Wofuna kumvetsa mmene kalembedwe ka Rilke kanakulira pa unyamata wake aike ndakatulo ziwirizi pamodzi n'kufunsa chimene chinachitika pakati pake, chifukwa m'zaka zimenezo ndi mmene mnyamata wa lilime lotsetsereka anasandukira mmisiri.

Rilke anabadwira ku Prague pa 4 Disembala 1875, mzindawu uli pansi pa ufumu wa Austria-Hungary, ndipo ali mwana ankadziwika ndi dzina loti René. Bambo ake, Josef, ankalakalaka udindo wa usilikali koma anathera pa ntchito ya kampani ya njanji. Mayi ake, Phia, anali atataya mwana wamkazi ali wakhanda, ndipo kwa zaka zingapo René ankamuveka madiresi. Banja la makolowo linatha mu 1884, ndipo mu 1886 mwanayo anatumizidwa kusukulu ya usilikali ku St. Pölten, kenako ku Mährisch-Weißkirchen, zaka zisanu zimene anazikumbukira moyo wake wonse ngati nthawi ya mazunzo. Koma chimene chikukhudza kwambiri nkhani yathu ndi chilankhulo. Olankhula Chijeremani ku Prague anali kagulu kochepa pakati pa anthu olankhula Chitcheki, ndipo Chijeremani chawo chinali cha m'mabuku, cha m'maofesi ndi cha m'nyumba za anthu ochita bwino, chopanda mizu m'munda kapena m'mudzi. Chilankhulo chotere chimakhala chaudongo koma chosauka mawu a zinthu zogwirika ndi manja. Mwana wa khutu lakuthwa wokulira m'menemo amadziwa msanga kuimbitsa mawu, koma amachedwa kudziwa kulemera kwake.

Zimenezi zikuoneka m'mabuku ake oyamba. Leben und Lieder linatuluka mu 1894, ndipo atakula iye mwini sanalole kuti lisindikizidwenso. Kenako kunabwera Larenopfer kumapeto kwa 1895, Traumgekrönt mu 1896 ndi Advent mu 1897, buku chaka ndi chaka, kuwonjezera pa timabuku totchedwa Wegwarten, dzina la duwa lomera m'mbali mwa msewu, timene ankagawa kwaulere kuti osauka awerengeko. Ndakatulo za Chijeremani za nthawiyo zinkadalira kwambiri kumvana kwa mawu a kumapeto kwa mizere, ndipo chilankhulochi chili ndi mawu ena amene amakokana okha, monga "Herz" ndi "Schmerz," mtima ndi ululu, moti wolemba akangotchula loyamba, lachiwiri limabwera losaitanidwa. René anali katswiri pa zimenezi kuyambira pachiyambi. Mizere yake inkayenda ngati madzi pathanthwe, ndipo vuto lake linali lomwelo, pakuti ankapita kumene mawu omvana amukokera ngakhale kumeneko sanaoneko kanthu. Afotokozi anali mbwee, zifanifani zinkabwera chifukwa chokoma m'khutu, ndipo ndakatulo inkathera pamene nyimbo yathera ngakhale ganizo lisanapse.

Si zonse zinali mankhusu. Larenopfer ndi buku la Prague, la matchalitchi ake, milatho yake ndi nyumba yachifumu ya Hradschin pamwamba pa phiri, ndipo muli kandakatulo ka "Volksweise" kamene kadakali ndi moyo mpaka lero, konena za nyimbo ya anthu a ku Bohemia imene mwana amaing'ung'udza akupalira mbatatesi, n'kukutsata mpaka m'maloto a usiku. Komabe ukayang'anitsitsa mmene zambiri mwa ndakatulo za m'bukuli zamangidwira, upeza kuti mlakatuli waima pawindo, mzinda nawo waima patsogolo pake ngati chithunzi chopachika pakhoma, ndipo chokhacho chimene chikuyenda ndi kayimbidwe ka mawu. Uku ndiko kuyenda kwa mtundu woyamba m'ntchito ya Rilke, kuyenda kwa pakamwa, kopanda kolowera.

Mu 1896 anasamukira ku Munich, mzinda umene chaka chomwecho unayamba kutulutsa magazini yotchedwa Jugend, imene inapatsa dzina luso lonse la nyengoyo, Jugendstil. Ojambula a luso limeneli ankakonda mzere wopindika ngati chomera choyanga, phesi la duwa, tsitsi louluzika ndi mafunde a madzi, ndipo moyo ankauona ngati mphamvu imene imamera n'kutambasuka. Ku Munich komweko mlembi Jakob Wassermann anamulozera mabuku a Jens Peter Jacobsen wa ku Denmark, munthu amene anali katswiri wa zomera komanso womasulira m'Chidanishi mabuku a Charles Darwin, wasayansi wa ku England amene anaphunzitsa kuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono, asanatchuke ndi nthano. Kwa Jacobsen, Rilke anatengako ganizo lakuti munthu amapsa pang'onopang'ono ngati chipatso ndiponso kuti aliyense ali ndi imfa yakeyake, ndipo patapita zaka ankanenabe kuti zimene sasiyana nazo kulikonse kumene apita ndi Baibulo ndi mabuku a Jacobsen.

Kusintha kwakukulu kunadza mu Meyi 1897, pamene anakumana ndi Lou Andreas-Salomé, mlembi wamkazi wobadwira ku St. Petersburg, amene anali wamkulu kwa iye ndi zaka pafupifupi 15 ndipo anali atalemba kale buku lonena za Friedrich Nietzsche, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany. Lou ndiye anamuchititsa kusiya dzina la René n'kutenga la Rainer, ndipo ngakhale zilembo za dzanja lake zinasintha chaka chimenecho n'kukhala zaudongo, zowerengeka bwino. Ndakatulo zake zoyambirira sizinamukope Lou, ngakhale ankamva kukoma kwake m'khutu, choncho anamukankhira ku mawu wamba ndi ku zinthu zooneka. Zotsatira zake zili m'buku la Mir zur Feier la 1899, lokongoletsedwa ndi wojambula Heinrich Vogeler, ndipo muli ndakatulo imodzi imene ine ndimaiona ngati khomo la zonse zobwera pambuyo. Mlakatuli akuti amaopa mawu a anthu chifukwa amatchula chilichonse mosabisa: uyu ndi galu, iyo ndi nyumba, apa ndi poyambira, apo ndi pothera. Iye amakonda kumva zinthu zikuimba, koma anthu akazikhudza zimauma gwa n'kukhala chete, ndipo akumaliza ndi kuwaimba mlandu wakuti akumuphera zinthu zonse. Kwa mmisiri wa mawu, dandaulo limeneli lili ndi tanthauzo la m'galamala momwe. Dzina limaimika chinthu pamalo amodzi, pomwe mneni amachisiya chikuchitika. Kuyambira apa kulemera kwa chiganizo cha Rilke kukuyamba kusamuka kuchoka pa mayina ndi afotokozi kupita pa aneni, makamaka awa: kukula, kupsa, kugwa, kukwera ndi kuzungulira.

Mu 1899 anapita ku Russia limodzi ndi Lou ndi mwamuna wake, Friedrich Carl Andreas, ndipo usiku wa Isitala anamva mabelu a matchalitchi a m'linga la Kremlin ali pakati pa khamu la opembedza a ku Moscow. Anakumana ndi mlembi wotchuka Leo Tolstoy komanso wojambula Leonid Pasternak, ndipo mu 1900 anabwereranso, ulendo uno mpaka ku Kiev ndi pa mtsinje wa Volga. Dziko limene Rilke analiona kumeneko linali la m'maganizo mwake kuposa lenileni, pakuti mkwiyo umene unkatukusira pansi pa umphawi wa anthu sanaulabadire. Chimene anabwerako nacho ndi chithunzi cha dziko lotakasuka, losamalizidwa, limene Mulungu wake adakali kukula. Atabwerako ku ulendo woyamba, pakati pa 20 Seputembala ndi 14 Okutobala 1899, analemba gawo loyamba la Das Stunden-Buch, buku la mapemphero a maola, akulankhula m'malo mwa mmonke wa ku Russia wojambula zithunzi zopatulika.

Ndakatulo ya mikombero yokula ija ndi yachiwiri m'gawo limenelo. Mu ndime yoyamba mikombero ikutambasuka pamwamba pa zinthu, ndipo mlakatuli akuvomera kuti mwina womaliza sadzaukwanitsa, komabe adzayesa. Aliyense amene anayang'anapo chitsa cha mtengo wochekedwa ndi sowo akudziwa chithunzichi: mizere yozungulira, wina kunja kwa unzake, uliwonse ukusunga chaka chake, watsopano osafafaniza wakale koma kuukuta. Mu ndime yachiwiri chithunzi chikusintha mosadziwitsa. Tsopano akuzungulira Mulungu, amene akumutcha nsanja yakalekale, wakhala akuzungulira kwa zaka zikwizikwi, ndipo sakudziwabe ngati iye ndi kabawi, namondwe kapena nyimbo yaikulu. Mkombero wa mtengo umakula uli pamalo amodzi, pamene wa kabawi ndi ulendo wa mumlengalenga. Rilke wamanga kukula ndi kuyenda pa chingwe chimodzi, moti woyendayo sapita kutsogolo ngati wapaulendo, amabwerera pomwe anayambira koma atakula. Kayimbidwe ka mizere nako kakuchita zomwezo, chifukwa maphatikizo opepuka obwera awiriawiri pakati pa olemera, otchulidwa mwamphamvu, akupatsa mzere kayendedwe ka mbalame yoyandama m'mwamba, ndipo mlumikizi "und," amene ndi "ndipo" wathuyu, akutsegula mizere iwiri motsatizana kuti chiganizo chisathe msanga.

Chodabwitsa m'bukuli n'chakuti Mulungu nayenso sanamalizike. Mmonkeyu akuti Mulungu wake ndi wamdima, wonga mizu zana yolukanalukana imene ikumwa mwakachetechete. Pena akuti anthu ndi amisiri omanga Mulungu ngati tchalitchi chachikulu, pena akufunsa Mulungu chimene adzachite iye mmonkeyo akadzafa, popeza ndiye mtsuko wake ndi chakumwa chake, ndipo pena akungonena mwachidule kuti ngakhale ife tisafune, Mulungu akupsa. Mkhristu wowerenga mawu amenewa akhoza kudzidzimuka, ndipo m'pomveka, chifukwa sachokera m'katekisimu wa mpingo uliwonse; ndi maganizo a mbadwo umene unawerenga Nietzsche ndi Darwin, umene kwa iwo chamoyo chilichonse chinali chidakali m'njira. Koma pa nkhani ya kalembedwe, ganizoli linamasula Rilke. Ngati amene ukulankhula naye sanamalizike, palibe dzina limodzi lomukwanira, choncho ndakatulo imamupatsa dzina, n'kulisiya, n'kupereka lina: mnansi, nsanja, nkhalango, mwana wa mbalame wogwa m'chisa. Chiganizo chimadumpha malire a mzere n'kupitirira mu wotsatira, mawu omvana sakubweranso awiriawiri okha, akubwera atatu kapena anayi, ndipo ndime zikusiyana kutalika malinga ndi mpweya wa wopemphera. Ndakatulo yasiya kuumbidwa m'chikombole ngati njerwa, yayamba kumera.

Das Stunden-Buch ndi buku limene ndimalikonda, ndipo n'chifukwa chake sindingabise chofooka chake. Chinthu chongokula chilibe pochiletsa. Ukawerenga ndakatulo makumi angapo motsatizana, umayamba kumva kuti zifanifani zina zikhoza kusinthana malo popanda chowonongeka, ndiponso kuti mlakatuli akanatha kupitiriza masamba ena ambirimbiri pa mpweya womwewo. Liwiro limene analembera likuchitira umboni: gawo loyamba linamutengera masabata atatu ndi masiku ochepa, ndipo lachiwiri, lonena za ulendo wa opembedza, sabata imodzi yokha mu Seputembala 1901. M'nyengo yomweyo ya 1899 analembanso nkhani yandakatulo ya msilikali wonyamula mbendera, Christoph Rilke, imene ulendo wake umayamba ndi mawu akuti "Reiten, reiten, reiten," kukwera kavalo usana, usiku, usana, ndipo iye ankati anailemba usiku umodzi. Inadzatchuka kwambiri itatuluka mu 1912 ngati buku loyamba pa mndandanda wa timabuku wa kampani ya Insel, wotchedwa Insel-Bücherei, koma mphamvu yake ndi ya mtsinje wosefukira. Zonse zikuyenda, ndipo zonse zikuyenda mozungulira mlakatuli mwini. Zinthu zija ankati amakonda kuzimva zikuimba zinali kuimba nyimbo ya iyeyo.

Amene anamuphunzitsa kuyang'ana anali ojambula ndi osema. Kumapeto kwa Ogasiti 1900, Vogeler anamuitanira ku Worpswede, mudzi wa m'madambo pafupi ndi Bremen kumene kunkakhala gulu la ojambula, ndipo kumeneko anadziwana ndi Paula Becker ndi Clara Westhoff. Ntchito ya anthu amenewa inali kuima pamaso pa mtengo kapena nkhope ya munthu mpaka ataiona, ndipo Rilke anazindikira kuti iye wakhala akudutsa zambiri osaziona. Clara, wosema amene anaphunzirapo kwa Auguste Rodin, wosema wotchuka wa ku France, anakwatirana ndi Rilke mu Epulo 1901, ndipo mwana wawo Ruth anabadwa mu Disembala chaka chomwecho. Buku la nyengo imeneyi, Das Buch der Bilder, linatuluka mu 1902 n'kuwonjezeredwa mu 1906, ndipo dzina lake lokha, buku la zithunzi, likusonyeza kumene mtima wake unaloza. Ndakatulo imene anaiika pakhomo pa buku lowonjezeredwalo, "Eingang," anailemba mu Febuluwale 1900 asanapite n'komwe ku Worpswede, umboni wakuti njala ya kuona inalipo kale. Ikuuza wowerenga kuti madzulo atuluke m'chipinda chake chimene akuchidziwa ngodya zonse, ndipo ndi maso ake otopa adzutse pang'onopang'ono mtengo umodzi wakuda n'kuuimika patsogolo pa thambo, wowonda, uli wokha. Akatero walenga dziko, ndipo dzikolo ndi lalikulu, lili ngati liwu limene likupsabe lisanatchulidwe. Mtengo ulipobe ndipo kupsa kulipobe, koma tsopano mtengowo ndi umodzi, uli kunja kwa munthu, uli ndi malire ake, ndipo pomaliza maso akulimasula dzikolo mwachikondi kuti lipite.

Kumapeto kwa Ogasiti 1902 anafika ku Paris atapatsidwa ntchito yolemba buku lonena za Rodin. Mzindawo unamuopsa ndi zipatala zake, odwala ake ndi phokoso lake, koma kwa Rodin anaona chimene anali asanachionepo: bambo wa zaka 61 amene sankadikira kuti mzimu wa luso umutsikire, ankangodzuka tsiku ndi tsiku n'kugwira dongo. Rilke atafunsa mmene munthu ayenera kukhalira, yankho linali lakuti agwire ntchito basi, ndipo aleze mtima. M'buku lake la Rodin, lotuluka mu 1903, muli ganizo limene linadzakhala maziko a ndakatulo zake zotsatira. Akuti m'chilengedwe mulibe chinthu choima, ndipo ngakhale mwala wosemedwa uli ndi kuyenda paliponse pamene kuwala kwakumana ndi khungu lake. Koma kuyenda kwa chosemedwa, kukule motani, kuchokere kutali motani, kuyenera kubwerera kwa icho, ndipo mkombero waukulu uyenera kutsekeka. Mu Ogasiti 1903 analembera Lou kuti nayenso ayenera kufika popanga zinthu, zinthu zolembedwa, zotuluka m'ntchito ya manja. Mkombero wa mu 1899 unali wotseguka ndipo womaliza wake sunali wofikirika; kwa Rodin anaphunzira kuutseka.

"Der Panther," ndakatulo ya nyalugwe ija, ndiyo zipatso zoyamba za maphunziro okhwimawa, monga iye mwini anadzanenera m'kalata patapita zaka zambiri. Ili ndi mizere 12 m'ndime zitatu, ndipo dzina la nyamayo lili pamutu pokha. Mzere woyamba ukutembenuza zimene mlendo wodzaona nyama amaona. Sakunena kuti nyalugwe akudutsa pa zitsulo, akuti zitsulo ndizo zikudutsa, ndipo maso a nyamayo atopa nako kudutsako moti sagwiranso kanthu. Amene anakhalapo pawindo la basi n'kuona mitengo ikuthamangira kumbuyo akudziwa kuti kwa woyenda, dziko ndilo limaoneka ngati likuyenda, ndipo ndi liwu limodzi lokhalo Rilke watichotsa panja n'kutilowetsa m'khola. Kwa nyalugweyo zili ngati pali zitsulo chikwi, ndipo kuseri kwa zitsulo chikwizo kulibe dziko. M'Chijeremani liwu lakuti "Stäbe," zitsulo, likubwera katatu mu ndime imodzi, ndipo mu mzere wachitatu laikidwa mogundana ndi "gäbe" limene likumvana nalo, moti khutu likumva zitsulo zikubwerezabwereza monga diso likuzionera. Kumvana kwa mawu kuja kunkakokera mnyamata wa ku Prague kulikonse, pano kwavekedwa goli n'kupatsidwa mzere wolima.

Ndime yachiwiri ikuti kuyenda kofewa kwa mapazi amphamvu, kozungulira mu mkombero wochepetsetsa, kuli ngati gule wa mphamvu wozungulira malo a pakati, pomwe paima chifuniro chachikulu chochita dzanzi. Pamene mu 1899 panali nsanja ya Mulungu, pano pali chifuniro chofa ziwalo, ndipo m'malo mwa kabawi wa zaka zikwizikwi pali nyama yoponda mapazi ochepa n'kutembenuka. Taonaninso kuti mwininkhani wa ziganizozi si nyalugwe: ndi maso ake, mayendedwe ake, chophimba cha diso lake. Nyamayo yagawika m'timayendedwe, ndipo palibe pamene ikuchita kanthu mwa kufuna kwake. Mu ndime yomaliza, mwa apo ndi apo chinsalu cha mwanadiso chimatseguka mopanda phokoso, chithunzi chimalowa, chimadutsa m'ziwalo zokungika zili zii, ndipo chikafika mumtima chimaleka kukhalapo. Uliwonse mwa mizere 11 yoyambayo uli ndi maphatikizo olemera asanu, koma womaliza uli ndi anayi, ndiye kuti mzerewo ukutha wowerenga akudikirabe phazi lina, monga momwe chithunzicho chazimiririkira. Mlakatuli sananene paliponse kuti akumva chisoni, komabe mizere 12 imeneyi imagwira mtima kuposa misozi yonse ya m'mabuku ake anayi oyamba.

Tisaganize kuti Rilke anataya chithunzi cha kukula atangofika ku Paris, kapena kuti luso lake linakwera mwadongosolo ngati munthu wa pamakwerero. Njira ziwirizi zinayendera limodzi kwa zaka zingapo. Mu Epulo 1903, atathawa Paris n'kukapuma m'mphepete mwa nyanja ku Viareggio, ku Italy, analemba gawo lachitatu la Das Stunden-Buch, la umphawi ndi imfa, m'sabata imodzi, m'kalembedwe kosefukira komwe kaja. M'menemo akupempha Mulungu kuti apatse aliyense imfa yakeyake, pakuti ife ndife khungu ndi tsamba chabe, ndipo imfa yaikulu imene munthu ali nayo m'kati ndiyo chipatso chimene zonse zimazungulira. Patangopita masiku ochepa, pa 23 Epulo, analembera mnyamata wophunzira usilikali, Franz Xaver Kappus, kuti kukhala mmisiri n'kusawerengera masiku, n'kukhwima ngati mtengo umene sukakamiza madzi ake, umene umaima molimba mtima pa mkuntho osaopa kuti mwina nyengo yofunda sibwera. Awa ndi mawu a munthu amene anali atangomva kwa Rodin za kuleza mtima, ndipo zikusonyeza kuti m'mutu mwake mtengo ndi mmisiri sizinkalimbana. Kukula kunasamuka m'ndakatulo n'kukakhala m'moyo wa wolemba, pamene ndakatulo iliyonse payokha inayenera kukhala chinthu chomalizika. Buku lonse la magawo atatu linasindikizidwa mu 1905 ndi kampani ya Insel, ndi mawu oliika m'manja mwa Lou.

Kuyambira Seputembala 1905 mpaka Meyi 1906, Rilke anali mlembi wa makalata a Rodin ku Meudon, pafupi ndi Paris, kufikira atasemphana n'kuchotsedwa ntchito, ndipo miyezi yotsatira ku Paris inabala zambiri mwa ndakatulo za mu Neue Gedichte, buku la 1907 limene gawo lake lachiwiri linatsatira mu 1908. Anthu amazitcha ndakatulo za zinthu, dzina limene limasocheretsa ngati tikuganiza za zinthu zoima, chifukwa zambiri m'menemo zagwidwa zikuyenda. Muli mkazi wovina gule wa ku Spain amene akuyamba ngati kamtengo ka machesi kongoyatsidwa kumene n'kusanduka lawi lonse, muli mpira woponyedwa m'mwamba pa kamphindi kamene waleka kukwera koma sunayambe kugwa, ndiponso muli chidole chozungulira cha ana cha m'munda wa Jardin du Luxembourg ku Paris, chimene njovu yake yoyera imabwerera nthawi ndi nthawi mu mzere womwewo wobwerezedwa.

Koma imene ikuonetsa bwino kumene mikombero ija inakathera ndi "Römische Fontäne," ya mu Julayi 1906, yonena za kasupe womangidwa wa m'munda wa Borghese ku Rome. Mizere yake 14 ndi chiganizo chimodzi chokha, chopanda mneni wamkulu wochimanga. Mabeseni awiri, lina pamwamba pa linzake, atuluka pakati pa mlomo wakale wozungulira wa mwala wa mabo. Madzi a pamwamba akuwerama pang'ono kupita kwa madzi a pansi amene akudikira, ndipo a pansiwo akuyankha ndi kukhala chete, akusonyeza anzawo thambo kuseri kwa masamba ndi mdima ngati chinthu chachilendo chobisidwa m'chikhatho. Rilke wagwiritsa ntchito aneni othera ndi "-end," amene m'Chijeremani amasonyeza ntchito imene ili m'kati, yosanenedwa poyambira kapena pothera, ndipo wawalumikiza wina pa mnzake moti chiganizo chikutsika kuchoka pa ndime kupita pa ndime monga madziwo, osapeza mpumiro mpaka pansi. Kutsikako kutapitirira theka, pali mawu akuti "Kreis aus Kreis," mkombero kutuluka mu mkombero: madzi akudzitambasula mwabata m'beseni lokongola, osapukwa kumene achokera. Iyi ndi mikombero yokula ija ya ku Schmargendorf, koma tsopano ili pamadzi, mlomo wa beseni ndiwo malire ake, ndipo palibe "ine" wonena kuti ndi moyo wake. Kuchokera pamenepo madzi akutsika dontho limodzilimodzi pa ndere zolendewera mpaka pa galasi lomaliza la pansi, limene kuwala kwake kukumwetulitsa beseni chapansipansi, ndipo liwu lotsekera ndakatulo yonse ndi "Übergängen," kusintha kochoka pa china kulowa m'china.